Nkhoswe ya Mtsikana Walupanga

Usiku wathawu ndinalota zoti ndikanakhala munthu wamantha ndikanalawirira kwa abusa. Siyani kaye nkhomozo, aMalikebu, palibe amene akuberani pa bawopo. Koma kuti mumve bwino, ndiyambe ndi za masana.

Mwana wanga Ndaziona, uja ali Fomu 3, ali ndi buku lachingerezi lonenepa ngati njerwa, limene azakhali ake anamugulira kwa anyamata oyala mabuku m'mbali mwa msewu ku Limbe. Pachikuto pali mtsikana atanyamula lupanga, kumbuyo kwake anyamata awiri akuyang'anizana ngati atambala. Lamlungu lapitali nyemba zinapserera pamoto mwanayo ali pomwepo, mphuno ili m'buku. Ndinalilanda n'kulitsegula pakati, ndipo tsamba limene ndinagwerapo, abale inu, anthu anali kupsompsonana mzinda ukuyaka moto. Ine Chimbalanga, amene ndakhala nkhoswe ya maukwati osawerengeka muno m'Bangwe, mwana wanga aziphunzira za chikondi kwa anthu osadziwa n'kuzimitsa moto komwe? Ndinalibisa kunsi kwa pilo wanga.

Kuyambira tsikulo mwana sanandiyankhulenso. Madzi osamba ankaika, kugwada ankagwada, koma mawu ayi. Ndipo zinkandipweteka, chifukwa amene amandiseketsa pakhomo paja ndi yemweyo. Dzulo tikudya zinandikwana, ndinanena mokweza kuti mawa m'mawa buku limeneli liyatse mbaula. Mayi ake, aNankhoma, anangoti, "Chabwino bambo, makala ake ndi onyowa kale." Mwana anadzuka n'kulowa kuchipinda osamaliza kudya.

Ndiye ndagona, ndikumva pilo akutsokomola. Anatsokomola kawiri n'kunena kuti, "Bambo, tasendezani mutuwo, mwatseka pakhomo." Ndinasendeza, pilo uja n'kutseguka pakati ngati chitseko cha golosale, ndiye ndikuona ndaima pa depoti dzuwa lili pamutu, nditavala jekete yanga ya ku chinkhoswe, kumapazi kulibe kanthu. Minibasi panalibe. Panali chinjoka chamapiko, chachikulu kuposa tchalitchi chathu, mipando itamangidwa pamsana pake, ndipo kondakitala wake anali chipepala cha mapu chokhala ndi miyendo.

"Ufumu! Ufumu! Wotsala mmodzi, tanyamuka!" anatero mapu aja, chonsecho pamsanapo panali anthu atatu okha.

Ndinakwera. Ndinamufunsa kondakitala kuti ndi ndani, iye anati, "Ine ndine mapu a patsamba loyamba, achimwene. Aliyense amandiyang'ana kamodzi n'kunena kuti eee koma ndiye zokongola, basi osadzabweranso." Anayamba kunditchulira malo amene tidutse, koma mayina ake, anzanga, ngati munthu akutsokomola ali ndi chinangwa m'kamwa. Ndinati bola Thyolo ndi Luchenza, munthu umatchula n'kutsala ndi mano ako onse.

Ndiye mwadzidzidzi chinjoka chija chinageya moto n'kunyamuka, ndipo apa ndisaname, kumwambako kunali kokoma. Ndinaona mitsinje ikukwera phiri m'malo motsika. Ndinaona mzinda utapachikidwa kumwezi ndi maunyolo, amayi akuyanika zovala pamitambo. Mitengo inkazuka yokha n'kupita kukamwa madzi kudambo, ina itabereka tiana. Ndinaiwala msana wanga wovutawu, ndinaiwala kuti ndinakwiya, pakamwa pali yasa. Kona iliyonse tikakhota ndinkati ndione kamodzi kokha chimene chili kutsogoloko, ndipo pamenepo ndinamvetsa mmene nyemba zimapsererera munthu ali pomwepo.

Ndiye tatera pachipata, pali bwana wa yunifolomu, chidindo m'manja, mimba kutsogolo.

"Makolo anu ali moyo?" anandifunsa.

"Mayi alipo, ali kumudzi, akulima bwinobwino."

"Ndiye simungakhale ngwazi. Kuno ngwazi zonse ndi ana amasiye."

"Nanga atsibweni awo, azakhali awo?"

"Amenewo amatha m'mutu woyamba wa buku. Akakhalapo amafunsa mafunso, nkhani siyenda. Muli ndi chizindikiro chobadwa nacho?"

Ndinamuonetsa chipsera cha katemera paphewa, iye anapukusa mutu. "Pali ulosi uliwonse umene unanena za inu?"

"Ulosi ndilibe, bwana. Ine ndine nkhoswe chabe."

Kungotchula mawu amenewo, bwana uja anatuluka madontho oyera thupi lonse, khosi linatalika, mutu n'kuchita dazi la buluu, mwadzidzidzi ndi nkhanga. Inathamangira mkati chidindo chili kukamwa, ikukuwa kuti, "Nkhoswe yafika! Nkhoswe yafika!" Ine n'kuilondola pambuyo, poti panalibenso wondiletsa.

Ndiye mkatimo, anzanga, zinthu zonse zinali chiimire. Asilikali mazanamazana anali pa liwiro koma osasuntha, aliyense mwendo umodzi m'mwamba. Muvi unali lende mumpweya, ndinachita kuwerama podutsa. Mayi wina ankathira madzi m'kapu, madziwo ataima panjira. Ndipo kumwamba, kuchokera kum'mawa mpaka kumadzulo, kunapingasa nthenga ya nkhuku yaikulu zedi. Ndinaizindikira. Inali nthenga ya nkhuku yathu yamawangamawanga, imene Ndaziona amaika m'buku posonyeza pamene walekezera.

"Mukudabwa chiyani?" anatero mawu akuthwa pafupi nane. Linali lupanga lija la pachikuto, lili m'chiuno mwa mwini wake. "Tili chiimire kuyambira Lamlungu. Kuno tikasowa wotiwerenga sitiyenda, pakamwa pokha ndi pamene pamagwira ntchito."

Ndinalipatsa moni, ilo osayankha n'komwe, linali ndi zambiri kukhosi. "Ine, bambo, ndinasulidwa kuti ndimenye nkhondo. Kumayambiriro ndinagwiradi ntchito, sindikana. Koma chifikireni pakati pa buku, ntchito yanga ndi kumvetsera anthu akuusa moyo. Uyu wausa, uyo wausa, mdani ali pamlatho akutidikira mpaka wachita kukhala pansi. Ndachita dzimbiri ndi misozi ya eni ake."

"Khala chete iwe," anatero mwini lupanga. Anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga, dzanja lili pachitseko chachikulu, atatsala pang'ono kutsegula. Anandiuza dzina lake, lilime langa n'kupindika panjira, ndiye ndinangomutcha Walupanga. Anati, "Amalume, akuti ndinu nkhoswe. Kuno sikunafikepo nkhoswe chiyambire. Anyamata awiri awa akundifuna, tandithandizani kuwafunsa."

Eee, apo ndiye anandikhudza pa ntchito yanga. Mwadzidzidzi mphasa inadziyala yokha, anyamata awiri aja ali khale, ine pampando, jekete nditamanga mabatani. Ndinayamba ndi wa zovala zakuda, tsitsi litaphimba diso limodzi, nkhope ngati wamwa mankhwala a malungo.

"Kwanu n'kuti, mnyamata?"

"Kumdima."

"Kumdima chigawo chiti? Chabwino, ntchito umagwira yanji?"

"Ndimaima pawindo n'kumaganiza."

"Zaka uli nazo zingati?"

"Mazana anayi."

Ndinatsala pang'ono kugwa pampando. Ndinati, "Mazana anayi! Pepani agogo, ndimakuyankhulani ngati mwana. Kodi anzanu a msinkhu wanu anatha, kuti muzilimbana ndi kamwana ka sukulu? Nanga chikondi chanucho mumachionetsa bwanji?"

Iye anayang'ana kutali n'kunena kuti, "Ndimamuuza kuti andithawe chifukwa ndine woopsa. Akathawa ndimamutsatira. Akayankhula ndi mwamuna wina ndimaphwanya khoma."

"Kwathu zimenezo timakanena kupolisi," ndinatero, lupanga lija n'kuseka mpaka kulira ngwe ngwe m'chimake.

Ndiye ndinatembenukira kwa winayo. Ameneyu anali wosula zitsulo, wa nkhope yabwino, anakulira limodzi ndi mtsikanayo. Anandipatsa moni ndi manja awiri, mtima wanga n'kuti eya, mkamwini ndi uyu.

"Iwe unamuuzapo kuti umamukonda?"

"Ndimafuna kumuuza, bambo, koma ndikangotsegula pakamwa, mutu umathera pomwepo. Mutu wotsatira ukamayamba timakhala tikuthawa chimphona."

"Ndiye umangotani?"

"Ndimamukonzera nsapato za kavalo wake."

"Buku lonseli?"

"Kavaloyo amayenda kwambiri, bambo."

Ndinagwira mutu. Wina ali ndi ulemu koma alibe pakamwa, wina ali ndi pakamwa koma muli minga yokhayokha. Ndinafunsa mafunso amene nkhoswe iliyonse imafunsa. Mukakwatirana mukakhala kuti? Munda uli kuti? Mbale amatsuka ndani? Wakumdima uja anafunsa kuti mbale n'chiyani. Ufumu wonse uja, anzanga, wa mitsinje yokwera phiri, unalibe ngakhale phesi limodzi la chimanga, ndipo palibe amene anakumbukira tsiku limene anadya komaliza.

Ndiye mwadzidzidzi mphasa ija inatambasuka n'kukhala bwalo la milandu, anthu ali thithithi, kutsogolo kuli woweruza wa tsitsi loyera loikirira. Anamenya tebulo n'kunena kuti, "Ufumu uno waweruzidwa kuti upse m'mawa uno, pamodzi ndi chinjoka, mapu ndi kavalo. Chigamulo sichinachokere kwa ine, chachokera kwa bambo wina wa ku Bangwe." Anthu anayamba kulira, ine n'kukweza kolala ya jekete mpaka m'makutu. Woweruza akuyankhula choncho, ndevu zinamera, nyanga n'kuboola tsitsi loikirira lija, mwadzidzidzi ndi tonde, ndipo anayamba kutafuna ngodya ya tebulo lake lomwe.

"Mboni ilowe, mee!" anatero.

Inalowa mboni, ndipo linali tsamba lija ndinagwerapo Lamlungu, likuyenda chopindika ndi manyazi. Linati, "Bwana, sindikana. Pa ine anthu anapsompsonana mzinda ukuyaka, ndipo ngakhale ine ndinaona kuti nthawi yake sinali imeneyo. Koma bamboyo akanangonyowetsa chala n'kutsegula mng'ono wanga wotsatira, akanaona mtsikanayu akumukankhira uko wakumdimayo n'kunena kuti, choka, m'nyumba umo muli ana. Analowa m'moto yekha n'kutulutsa ana atatu, agogo akumdimawa ali panja akukonza tsitsi. Tilipo masamba ambirimbiri, bwana, koma anafunsa ine ndekha. Ndamva kuti bamboyo ndi nkhoswe. Kaya kwawoko banja likayambana amamva mbali imodzi n'kuthetsa ukwati?"

AMalikebu, inu mukudziwa, ine ndi amene ndimakalipira ankhoswe achinyamata pa nkhani yomweyi. Ndinafuna pansi patseguke, koma pansi pake panali papepala, ndinaopa kung'amba.

Ndiye bwalo lija linasungunuka, ndatsala ndi Walupanga pachitseko paja. Anandiyang'anitsitsa n'kunena kuti, "Musabisale, amalume, ndinakudziwani mutangofika. Makutu amenewo ndi a Ndaziona."

Ndinati, "Umamudziwa mwana wanga?"

Analoza ndi mlomo pambali pake. Panali kampando kathu ka kukhitchini kaja kothyoka mwendo, pansi pake patapata wa Ndaziona, ndipo pamalopo pankamveka kafungo ka nyemba zopserera.

"Amakhala apa tsiku lililonse," anatero. "Bambo anga atamwalira kumayambiriro kuja, analira nane mpaka tsamba linanyowa. Kenako anatseka buku n'kunena kuti, dikira kaye, ndikawapangire adadi tiyi."

Tiyi ameneyo ndinamukumbuka, anzanga. Linali Loweruka lina masana, ndikukonza wailesi pakhonde, mwana anangobwera ndi kapu osatumidwa, maso ali ofiira, n'kukhala pafupi nane. Ine ndinkayesa akufuna kupempha nsapato.

"Ndikaimirira pamaso pa nduna za ufumu kukana zimene akundikakamiza," anapitiriza Walupanga, "iye amabwereza mawu anga chapansipansi, kawiri katatu, ngati akuyesa diresi. Koma musaganize kuti amangovomera zilizonse. Amandikalipira koopsa. Akafika pamene lupangali likuchita dzimbiri amadumpha masamba n'kumati, aaa inunso, kamenyeni nkhondo. Ndipo pa nkhani ya wakumdimayu ndiye sitimwerana madzi. Amamenya tsamba ndi chala n'kumati, musiye ameneyo, mtsikana iwe! Adadi anga amati mwamuna uzimuonera mmene amayankhulira ndi mayi wogulitsa tomato. Ndiye vuto ndi lakuti kuno kulibe tomato, amalume, ndasowa pomuyesera."

Ndinaseka, koma misozi ili mbwembwembwe. Mawu amenewo ndi angadi, ndimawauza atsikana akabwera ndi zibwenzi zawo pakhonde panga. Ine ndinkayesa mwana wanga akamakhala chapatali apo amangosenda mbatata. Osadziwa ankatola mawu anga n'kupita nawo mpaka kudziko la zinjoka, kukalangiza mnzake. Ndinkaopa kuti buku limulanda mwana m'manja mwanga, pamene iye ankanditenga ine n'kulowa nane m'bukumo. Ndinanyada, anzanga, ndipo ndinachita manyazi nthawi yomweyo.

Ndinapukuta m'maso ndi jekete n'kufunsa kuti, "Ndiye iwe usankha uti?"

"Sindikudziwa. Yankho lili kuseri kwa chitsekochi, m'mutu womaliza. Mwina uyu, mwina uyo, mwina ndiwasiya onse ndikamange mlatho wina umene unagwa pankhondo. Koma dzanja langali silingatsegule mpaka Ndaziona atachotsa nthengayo. Tayenda naye ulendo wonsewu, amalume. Mukatiwotcha, adzakhala osadziwa mpaka kalekale, ndipo sindikhulupirira kuti adzakuuzaninso zimene zili mumtima mwake."

Ndisanayankhe, mwadzidzidzi dziko lonse linapendekeka ngati wina walisolola kunsi kwa chinthu. Mzinda wa kumwezi unayamba kulendewera, asilikali a mwendo umodzi aja n'kugwerana ngati mabotolo. Kumwamba kunatseguka, ndiye kunatulukira dzanja lalikulu, ndipo ndinalidziwa, chifukwa mphete ya pachala ndinagula ndine. Linali dzanja la aNankhoma. Fungo la makala onyowa linadzaza ufumu wonse, ndipo kuseri kwa phiri kunatulukira bokosi la machesi lalikulu ngati basi.

Ndinathamangira kuchinjoka kuti chindikweze ndikawaletse, mapu aja akuti, "Wotsala mmodzi, achimwene, sitinyamuka osadzaza!" Ndinakuwa kuti, "ANankhoma, dikirani! Chigamulo ndachibweza!" koma mawu anatuluka ngati a kamwanapiye. Nkhanga ija inandidinda chidindo pachipumi, tonde n'kuyamba kudya jekete yanga kumbuyo, wakumdima akuti, "Ndinanena ine kuti ndine tsoka," lupanga likupempha kuti wina alisolole limenyeko kamodzi kokha lisanapse. Ndiye wosula zitsulo uja anaimirira, anapuma mwamphamvu, n'kuyang'ana mtsikana m'maso. Anati, "Poti tikufa, lero ndinena. Ine kuyambira tili ana ndimaku..."

Pweee! Kumwamba kunang'ambika pakati.

Ndinadzidzimuka ndili pabedi, kunja kutayera, koma kung'ambika kuja kukumvekabe. Pweee, pweee, kuseri kwa nyumba. Ndinapisa dzanja kunsi kwa pilo, mulibe kanthu. Anzanga, sindinathamangepo choncho chichokereni kusukulu. Ndinatuluka ndi bulangete lomwe, n'kupeza aNankhoma atanjuta pa mbaula, akung'amba kalendala ya chaka chatha.

"Buku lija?" ndinafunsa, mpweya ukuperewera.

Analitulutsa kukhwapa, lathunthu, nthenga ili pomwepo. Anandipatsa pamodzi ndi machesi n'kunena kuti, "Nali. Ndimati muyatse nokha, bambo, poti oweruza ndinu."

Ndaziona anali pakhomo la khitchini ndi tsache m'manja, akuyang'ana pansi. Machesi ndinawabwezera mayi ake. Ndinapita pamene anaima mwanayo n'kumupatsa buku ndi manja awiri, mmene timaperekera zinthu kwa akuchikazi. Ndinati, "Mwanawe, nthenga yako ili pamene unaisiya. Koma undiwerengere mutu womalizawo mokweza, ndili ndi mlandu kumeneko sindinaumalize."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka kumapazi kopanda nsapato. Kenako anatsamiritsa tsache kukhoma n'kundikokera kampando kothyoka mwendo kaja.

"Adadi, buku sayambira kumapeto," anatero. "Khalani apa."

Anatsegula tsamba loyamba, pa mapu paja, ndipo kumbuyo kwathu aNankhoma anayamba kukupiza mbaula ndi chivundikiro cha poto.